Mayi Wonunkhiza Zitsekero za Vinyo

Lufina Nangozo wa ku Kasinje anayamba kupita ku Joni chaka chimene madzi anakokolola mpunga wawo wonse. Njira anamuonetsa ndi mlamu wake Regina, amene anali atazolowera kale kukathyola mphesa ku minda ya kufupi ndi Kepi. Ulendo wotere kwawoko sunali wachilendo, pakuti bambo ake a Lufina anakalambira m'migodi. Chatsopano chinali chakuti wopita anali mkazi, amuna ake, a Raphael, n'kutsala ndi ana ndi khasu.

Ntchito inkayamba mu Januwale n'kutha mu Epulo. Zaka ziwiri zoyamba Lufina ankangodula mphesa ndi kasizasi, chowerama m'mizere, dzuwa likuswa mtengo. Vinyo sanamulawepo. Anali mayi wa Mvano, ndipo ankati kuthyola chipatso si tchimo, za kumwa adziwa eniake.

Chaka chachitatu anamusamutsira m'nyumba yothiramo vinyo m'mabotolo. Iye ankakhuthulira zitsekero m'makina. Zinali zitsekero za khungwa la mtengo, zofewa, zazitali ngati chala, zobwera m'matumba kuchokera kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina atamasula thumba, anabweza mutu.

"Izi zikununkha chuku," anauza kapitawo, bambo wina wa ku Mlangeni dzina lake Edson.

"Thirani, mayi," anatero Edson. "Kuno anakulembani manja, osati mphuno."

"Thirani nokha, achimwene. Ine chovunda sindiika pa chakumwa cha munthu."

Makina anaima. Mayi wachizungu amene ankayang'anira kapangidwe ka vinyo anabwera kudzaona chavuta. Ananunkhiza thumbalo, osamva kanthu. Koma sanakalipe. Anapita, nabwerako ndi matambula asanu ndi limodzi a vinyo, n'kuwandandalika patebulo. Edson ndiye ankatanthauzira.

"Akuti musamwe. Mungonunkhiza, munene ngati pali lina losiyana."

Lufina anawanunkhiza limodzilimodzi, manja ali kumbuyo.

"Lachinayili. Likumveka ngati chiguduli chogonera m'madzi."

Linalidi lomwelo. Mayi uja anafotokoza kuti khungwa lina limabwera ndi chuku chosaoneka, ndipo chikalowa m'botolo vinyo yense amaonongeka. Ambiri amadzachimva botolo litagulidwa kale. Lufina ankachimva thumba lisanakhuthulidwe.

Kuyambira pamenepo anamupatsa kampando pamthunzi. Thumba lililonse likafika ankatapamo zitsekero, kuziviika m'matambula, n'kumanunkhiza. Anamuletsa sopo wonunkhira ndi mafuta odzola. Chimfine chikamugwira, matumba ankadikira. Anzake a m'munda ankamuseka kuti wasanduka galu wa mzungu. Tsopano ankakhala mpaka Juni, ndipo kwa zaka zitatu mpunga wa kwawo ankaupeza uli kale m'matumba. Mwana wake wotsiriza, Tisunge, anayamba sukulu iye kulibe.

Chaka chachisanu ndi chimodzi anapeza makina atsopano. Mabotolo anali kutsekedwa ndi zitsekero zachitsulo zochita kupotokola, ngati za sikwashi. Chitsulo sichichita chuku. Mayi wachizungu uja anamugwira dzanja, nanena mawu ambiri, koma Edson anangotanthauzira pang'ono.

"Akuti zikomo. Malo alipo kumunda."

Lufina anatenganso kasizasi. Anadula mphesa nyengo yonseyo, koma msana unali utaiwala kuwerama kwa m'mizere. Mu Epulo anakwera basi, ndipo sanabwererenso.

Lero ali ku Kasinje, amalima mpunga ndi a Raphael ndipo amagulitsa tomato tsiku la msika. Regina akupitabe, ndipo chaka chatha anapita limodzi ndi mwana wamkulu wa Lufina. Lufina sanamuletse mwanayo. Anangomuuza kuti atenge chipewa chachikulu ndi nsapato zotseka, chifukwa dothi la m'mizere limawotcha mapazi.