Bango Lalifupi

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Usiku wonse tinachezera pa siwa, ife amayi m'nyumba pamodzi ndi mtembo wa achimwene, abambo panja pamoto. Koma mwana wanga Marita anavuta kwambiri, ndiye ndinapita naye kunyumba kwathu kuseri kwa nthochi kuti ndikamuyamwitse, tulo n'kundiba komweko. Chimene chinandidzutsa ndi kuthyoka kwa bango. Nditatsegula maso ndinaona amuna anga atagwada pamphasa. Anali atagoneka bango m'mbali mwa mwanayo kuyambira kumutu, n'kulithyola pamene panathera mapazi.

"Bambo a Marita, mukutani? Mwanayutu akupuma."

Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana bango lija. "Anagona chete kwambiri," anatero. Analiimika kuseri kwa chitseko n'kutuluka.

Amuna anga ndi achimwene ankagwira ntchito limodzi pa esiteti ya tiyi, yothandiza dokotala, ndipo anthu ankawatcha madiresa. Kale ntchito yawo inali kutsuka zilonda za othyola tiyi ndi kugawa kwinini. Chaka chimene nkhondo ya azungu inatha, atengatenga onyamula katundu wa asilikali akubwerera kwawo, kunagwa fuluwenza. Ena ankati inatsika m'sitima pa Luchenza. Odwala anachuluka mpaka bwana wa esiteti anatsegula shedi yofotetsera masamba a tiyi, anthu n'kumagona pamasaka, mizeremizere. Adzukulu a kumanda ena anafa, ena anathawa, choncho ntchito yoyeza akufa inagwera madiresa awiriwo. M'mamawa uliwonse ankayenda m'mizere muja ndi mtolo wa mabango. Amene wagona chete ankamuyeza, n'kuthyola bango, n'kukalipereka kwa okumba manda. Achimwene nthenda itawagwira, amuna anga anatsala okha. Bango la alamu awo anathyolanso ndi iwo.

Panali patapita nthawi asakugona. Chakudya ankangochiyang'ana. Ankasamba m'manja ndi mankhwala onunkha a kushedi mpaka khungu linayamba kusupuka, ndipo Marita analeka kumunyamula. Koma pa esiteti panali lamulo lakuti wantchito apume pokhapokha kagalasi ka dokotala, kamene amaika kunsi kwa lilime, kakasonyeza kuti thupi latentha. Achimwene asanatsirizike anandigwira dzanja. "Alamu angawa atha m'kati. Ukamuuze dokotala awapumitse, apo ayi tiwataya." Ine ndinali ndisanayankhulepo ndi mzungu. Ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Amene ankandiyankhulira pa zinthu zonse ndi amene anagona m'siwamo.

Kunacha ndi nkhungu. Phiri la Thyolo silinaoneke mpaka dzuwa litakwera. Pamaliro a bambo athu moto wophikira unafika kumitengo ya mango, koma tsiku limeneli tinakoleza pawiri pokha, pena chinangwa, pena kalongonda amene tinamutereka dzulo lake. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkangokwawa pansi. Mayi wina amene ankasonkhezera moto anali ataika mwana wake masiku omwewo. Sanalire. Ankangothyola nkhuni n'kumaika.

Anthu anabwera, pakuti achimwene anatsuka zilonda za ambiri. Anachokera kumalayini okhala antchito a pa esiteti, ena kutali kwa Khwethemule kumene kuli abale a mayi athu. Koma sanalowe pabwalo. Anaima m'mphepete mwa munda motalikirana, nsalu zili pakamwa, ena atamanga mankhwala m'khosi. Munthu akatsokomola, pamene waimapo pankatseguka. Kulira kunkayamba mbali imodzi n'kuzimira panjira, chifukwa mawu anali atatha pamaliro ena.

Okumba anabwera kudzanena kuti manda atha. Mkulu wawo, dothi lofiira mpaka m'mawondo, anaima pakhomo n'kuuza mayi athu kuti, "Mwana wanuyu kutalika ngati bulugamu. Ali moyo anatizunza ndi kwinini, lero watizunza ndi khasu." Anthu anaseka pang'ono, monga amachitira adzukulu akanyoza. Mayi nawo anamwetulira misozi ikutsika.

Bokosi panalibe. Matabwa anali atatha pa esiteti yonse. Tinawakulunga achimwene m'nsalu yawo yoyera ya kuntchito, kenako m'mphasa. Mphunzitsi wa kumishoni anali chigonere, ndiye mkulu wina wa mpingo anawerenga mawu mofulumira, chifukwa ankamudikira pamaliro ena kutsidya.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, mitambo yakuda ikusonkhana kumbuyo kwa phiri. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa tiyi. Tiyiyo anali ataphuka mpaka m'chifuwa, wobiriwira bwino, wopanda womuthyola. Madengu anali atagona m'ngalande pamene eni ake anawasiya. Amuna anayi ananyamula chithatha, ndipo panalibe owalandira kufikira titafika.

Ndinkayenda kumbuyo, Marita ali kumsana. Amuna anga anali patsogolo panga pang'ono, osaimba. Ndinaona mmene ankayang'anira anthu. Maso awo ankayamba pamutu pa munthu, kutsika mpaka kuchidendene, kenako n'kupita kwa wina. Anatero ndi mkulu wa mpingo, anatero ndi mtsikana wina wonyamula madzi. Atatembenuka anateronso ndi ine.

Kumanda mitumbira yatsopano inali itadutsa malire akale n'kulowa m'tchire. Anawatsitsa achimwene, mkulu wa okumba n'kuponyamo bango lalitali lija, pakuti bango loyezera limapita ndi mwini wake, silitsala kumudzi. Mvula inayamba akukwirira, madontho akuluakulu, dothi n'kumamatirira kumakasu. Amuna anga anaima mvula ikuwakhuthukira, nkhope ili gwa. Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Koma bamboyu ngolimba mtima. Ntchito ya chipatala imafuna otere." Mnzake anavomera.

Tikusamba madzi a mankhwala pamphambano, tinamva njinga yamoto. Anali dokotala, mzungu wowonda amene ankayendera maesiteti angapo yekha. Anadzatenga amuna anga, chifukwa kushedi kunalibe munthu chichokere iwo dzulo lake. Ndinakumbukira dzanja la achimwene, ndipo ndinapita n'kukagwada m'matope pafupi ndi njingayo, anthu onse akuona.

"Bwana, amuna angawa akudwala."

Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinachita kubwereza. Dokotala anatsika. Anatulutsa kagalasi, n'kukaika kunsi kwa lilime la amuna anga, n'kuwagwira pamkono akuyang'ana wotchi. Kenako anawamvetsera m'chifuwa.

"Ukutsokomola?"

"Iyayi, bwana."

"Mutu?"

"Iyayi."

"Ukudya?"

"Ndikudya, bwana."

Anakweza kagalasi kaja kumwamba n'kukapendeketsa. "Thupi silinatenthe. Ali bwino."

"Sagona," ndinatero.

"Inenso sindigona, mayi."

Ndinaona kuti maso ake anali ofiira. Ndikanakhala chete pamenepo. Ndinkadziwa zimene anthu amanena za munthu woyeza wamoyo. Koma ndinalibe china chotsala, ndiye ndinanena.

"M'mawa uno ayeza mwana wathu ndi bango. Mwana wamoyo."

Amayi amene anali pafupi anamva. Wina anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Mayi uja amene anawatama kumanda analavula pansi. Dokotala anayang'anitsitsa amuna anga. Ndikhulupirira kuti anamvetsa. Anapukuta kagalasi n'kukabweza m'thumba.

"Kagalasi sikaona zimenezo," anatero motsitsa. "Kushedi kuli anthu ambiri. Wina ndilibe."

Analiza njinga n'kutsogola. Amuna anga anandidzutsa m'matope muja. Sanandikalipire. Anatambasula dzanja ngati afuna kukhudza mutu wa Marita, n'kulibweza.

"Amake Marita, usiku muzipiringidza chitseko. Ndikagogoda, musatsegule."

Anatsata mkukuluzi wa njinga wapansi, kulowa m'tiyi, osacheuka.

Madzulo anthu amayenera kugonanso pa siwa, koma ambiri anabalalika kusanade. Chinangwa chinatsala m'miphika. Amene anatsala ndi abale a kwa Khwethemule okha, ndipo nditalowa kuti ndikhale nawo anasuntha mphasa zawo. Mayi athu anandiuza ndi maso kuti ndipite. Ndinabwerera kunyumba kwathu.

M'nyumba munali zii. Chitsulo choitanira antchito pa esiteti sichinalire tsiku limenelo, ndipo ngakhale agalu sanauwe. Ndinapiringidza chitseko monga anandiuzira, ndipo ndi pamene ndinalionanso bango lija, litatsamira khoma. Linali lalifupi, losafika m'chiuno mwanga. Kuliotcha sindikanatha, kulitaya kutchire ndinaopa, ndipo manda oti lipitemo kunalibe. Ndinakwera pamtondo n'kulisomeka m'denga, pamene Marita sangalione. Ndinati likhale pamenepo mpaka mwanayo adzalipitirire msinkhu.

Ndinamugoneka, n'kukhala pambali pake dzanja langa lili pachifuwa chake. Mvula inali itakata. Pakhoma pathu pali mng'alu umene umayang'ana kutsidya kwa dambo, kumene kuli shedi. Ndinaona nyali imodzi m'menemo, ikuyenda pang'onopang'ono m'mizere, n'kuima, n'kuyendanso, n'kuimanso.