Matabwa a Bokosi Langa Anali Kale Kudenga

Zimene ndikuuzeni panozi si zopeka ayi, zinandichitikira ineyo kwathu kufupi ndi Limbuli, ndipo chipsera chake ndikuyenda nacho pachifuwa mpaka lero. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa akadali moyo ndipo timakumana kumaliro.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika. Ndinali ndi ana atatu, ndipo amuna anga anali kapitawo wa otchola tiyi ku esiteti. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye iwo anamanga nyumba ya malata pamudzi pathu, yoyamba pa mtundu wathu wonse. Amalume anga awiri ankawanyadira akamwini amenewa kuposa ine mwana wa mlongo wawo, poti shuga ndi sopo zinkachokera kumeneko.

Tsiku lina ndikusamba ndinamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere, ngati nyemba ya kalongonda. Kuchipatala cha ku esiteti ananditumiza kuboma, akuboma ananditumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba dzina lakuti khansa. Adokotala anati berelo lichotsedwe lonse ngati ndikufuna kulera ana anga. Ndikanakana bwanji? Analichotsa, koma bala linachedwa kupola, ndipo ndinagona m'chipatalamo miyezi, ndikuona anzanga apabedi loyandikana akutulutsidwa atafunditsidwa kumutu. Msuweni wanga amene ankandidikirira anabwerera kumudzi mvula itagwa kuti akadzale, ndipo atafika anauza anthu kuti ndatsala mafupa okhaokha, angodikira uthenga.

Koma ine ndinachira. Atanditulutsa ndinalibe womutuma, ndinangokwera basi, n'kutsika pa Limbuli, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Amayi amene ndinawapeza pachitsime anasiya kucheza, wina mpaka anagwetsa ndowa, ndipo palibe anandithamangira. Ndinkati mwina ndi kuwondaku.

Pakhonde la nyumba yanga ndinapeza mng'ono wanga, wobadwa naye mimba imodzi, atavala chitenje changa cha chipani chimene ndinkavinira kumisonkhano, mwana wanga wamng'ono ali kumsana kwake. Abale inu, mtsikanayo anali atanenepa, khungu lili see, pachifuwa pali podzaza, pamene ine mbali imodzi bulauzi inkangolendewera. Nsanje inandigwira ndisanapereke n'komwe moni, sindibisa. Ndinatambasula manja kuti nditenge mwana, koma mwanayo analira n'kubisa nkhope pamsana pa mng'ono wangayo. Iye anandiyalira mphasa, n'kugwada, n'kundifunsa kuti ndayenda bwanji. Mphasa ya alendo, pakhomo panga!

Ndinati ndikagone kaye kuchipinda. Pachingwe panali madiresi ake, pawindo mafuta ake odzola, ndipo sutikesi yanga inali pansi pa bedi yopanda kanthu. Nditagona chagada ndinamva fungo la mkungudza, mtengo wa kuphiri uja, ndipo nditayang'ana kudenga ndinaona matabwa atasanjidwa pamitanda, opalidwa bwino, odulidwa kale. Ndani kuno sadziwa ntchito ya matabwa a mkungudza odulidwa msinkhu wa munthu? Anali pamwamba panga ndendende, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Maganizo anandifikira akuti mwina ndinafa ndithu ku Blantyre kuja koma sindikudziwa, n'chifukwa chake anthu sakundithamangira, n'chifukwa chake mwana akundiopa. Ndinadzitsina pabala mwamphamvu mpaka misozi, kuti ndimve ululu nditsimikize kuti ndilipo. Mantha a mpeni wa kuchipatala sanafike pamenepo.

Amuna anga ataweruka anandipeza nditakhala panja. Analira, zoona, koma maso awo ankathawira kukhitchini. Anati si nzeru zawo, amalume ndiwo anatumiza mtsikanayo kuti aziphikira ana, n'kuwalangizanso kuti agule matabwa kwa ocheka zinthu zisanafike pothina.

M'mawa mwake amalume anaitanitsa abale. Anati akuthokoza Mulungu kuti ndabwera, koma matenda amenewa satha, amangogona, choncho mng'ono wanga asachoke, azikhala pomwepo podikira, kuopa kuti mkamwini wabwino angadzapite kukamanga malata pamudzi wina. Matabwanso anati asasunthidwe. Ankakamba zonsezi ine ndili pomwepo, ngati akukamba za mbuzi yodwala. Amuna anga anangoweramitsa mutu, ndipo ndinaona kuti nyumba yanga ikupita ndikuyang'ana.

Pamenepo panali azakhali anga, mlongo wa bambo anga, amene ankagulitsa matemba mumsika wa Limbuli, mayi wa pakamwa poopsa. Kwathu a kuchimuna salankhula pa nkhani za mbumba, ndiye anangobwera kudzandiona. Koma anaimirira, n'kuvula bulauzi pamaso pa amuna onsewo, n'kutulutsa kansalu kokulungiza kamene ankaika mkati. Mbali imodzi panalibe bere, panali chipsera chakale chotuwa. Anati anawadula kuchipatala cha mishoni ine ndisanathe msinkhu, anabisa poopa kusekedwa, ndipo kuchokera pamenepo aika m'manda amuna awiri ndipo akusenzabe dengu. Kenako anafunsa amalume kuti ngati matendawa amangogona, awowa adzuka liti, nanga matabwa awo awasungira kudenga kwa ndani? Ngakhale ine sindinkadziwa. Amalume anayang'ana kumbali, wina ananyamuka ngati waitanidwa, ndipo msonkhano unathera pomwepo.

Mng'ono wanga anamutumiza kwa abale ku Thuchila. Matabwa aja ndinaitana kalipentala, anandikhomera chitseko cha kuchipinda chokhala ndi loko. Ndinati basi ndapambana. Koma chaka chisanathe tinamva kuti mng'ono wanga uja wabereka mwana wamwamuna, ndipo nditamuona akuyamba kuyenda sindinafunse munthu, mayendedwe ake anandiuza kuti ndi wa amuna anga. Amuna anga anakhala nane mpaka imfa yawo, sanandinyozepo za chifuwa changa, koma masiku ena a Lamulungu ankapopa njinga molawirira n'kunena kuti kuli msonkhano wa mpingo, ndipo ine ndinkatsala ndikutsuka mbale zotsuka kale, mtima ukuwira.

Khansa sinabwerenso. Azakhali anafa ndi ukalamba, ndipo mdzukulu wa mnzanga wa kumvano wa amayi kutchalitchi, amene anatupa tsaya ndi khansa ali wamng'ono anthu n'kutaya naye mtima, lero ali ndi ana ake. Ndiye ine ndimakhulupirira kuti matendawa amagonja munthu akafika msanga kuchipatala, ndipo mukamva kanthu kolimba musadikire. Koma nsanje yanga ndiye sinapole, ndikamuona mng'ono wanga pamaliro ndimamupatsa moni ndi nsonga za zala. Choncho inu achibale, munthu akagonekedwa m'chipatala musafulumire kumukonzera wolowa m'malo, chifukwa ena timabwerako. Ngati ana akusowa wowaphikira, tumizani mayi wachikulire, osati mtsikana.