Ramadani Yosatha ya Apongozi Anga

Amuna anga atamwalira, anandisiyira mayi awo. Mutu wa apongozi unali utayamba kuiwala, ndipo ana a m'mudzi ankawagenda n'kumawatcha mfiti. Ndinakawasiya ku nyumba yosamalira okalamba ya mpingo wina, kufupi ndi Benga. Tinapangana ndi anamwino kuti aziwasambitsa akazi okhaokha, asawakalipire, nyama ya nkhumba ayi poti ndi Asilamu, ndipo ine ndizibwera osanena.

Tsiku lina ndinafika masana. Apongozi anali ataonda, mpango ukuterereka m'mutu. Pakhonde, mayi wowasamalira ankadya mpunga wawo.

"Mayi inu! Mukunenepera mbale ya nkhalamba?"

"Akana okha," anatero, pakamwa pali todzaza. "Nditaye?"

Ndinakuwa mpaka anamwino anabwera akuthamanga. Ndinatenga mbale ija n'kugwada pamaso pa apongozi. Anandiyang'ana ngati ndawapatsa chule.

"Mwana iwe, dzuwa lili pamutu. Ukufuna ndimasule swaumu?"

Ramadani inali itatha kalekale, chimanga tinali titakolola. Koma m'mutu mwawo, m'mawa uliwonse kusala kunkayamba kumene. Wowasamalira uja, wa Anglican, ankangoti gogo sakonda zamasana. Madzulo okha ndi pamene apongozi ankalawa.

Tinaitana shehe. Anawafotokozera mwaulemu kuti mwezi unatha, komanso okalamba sakakamizidwa kusala.

"Wokalamba ndani?" anafunsa apongozi. "Iwe ndinakuona ukukwawa wopanda kabudula. Mwezi wauona ndi maso ako?"

Shehe anakwera kabaza n'kubwerera.

Tinakhalanso pansi ndi anamwino. Tinagwirizana kuti phala lizibwera dzuwa lisanatuluke, chakudya chachikulu likalowa, ndipo mbale ikabwerera yodzaza wowasamalira uja aziuza anamwino, osati mimba yake. Koma kutentha kwa kunyanja kuno, munthu osamwa madzi tsiku lonse? 

Lachisanu lotsatira ndinaphika mpunga wa kilombero ndi nkhuku, ndinavala zoyera, n'kulowa ndikuseka.

"Amayi, mwezi waoneka! Idi yabwino!"

Anadya mpaka kunyambita zala, madzi makapu awiri. Kuyambira pamenepo, akayamba kusala, wowasamalira uja amavala mpango n'kulengeza Idi. Nkhalamba zachikhristu nazo zimabwera ndi mbale zawo. Masaya a apongozi anabwerera.

Mlungu watha apongozi anandikokera pambali.

"Mpongozi, Idi zachuluka chaka chino, sindikudandaula. Koma Idi yanji yopanda chitenje chatsopano?"