Ali ku Thekerani, Madamu

Bambo anga anali wothyola tiyi wa sizoni. Mvula ikayamba mu Disembala, tiyi n'kuphukira, esiteti inkawalemba ntchito ndipo tonse tinkasamukira kumalayini, kunyumba za antchito, kufupi ndi tauni ya Luchenza. Mvula ikakata mu Meyi, kapitawo ankafufuta dzina lawo m'buku, ife n'kumanga mapoto ndi mphasa kubwerera kwathu ku Thekerani. Moyo umenewu unkakomera tiyi, osati sukulu. Chaka ndinkachiyambira kumudzi, n'kukachipitiriza kutauni, ndipo mayeso omaliza ankandipeza ndili balala ngati nkhuku yachilendo. Sitandade 4 ndinakhalamo zaka ziwiri. Pofika Sitandade 5 ndinali mtsikana wamtali kuposa onse, moti ndinkakhala kumbuyo n'kumadzipinda kuti ndifanane ndi anzanga.

Bambo anandiuziratu kuti, "Ukabwerezanso kalasi, basi. Khasu silibwerezetsa munthu." Sanali ankhanza ayi. Anangotopa ndi kusoketsa yunifolomu ya mwana wosasuntha.

Sukulu ya boma ya m'tauniyo sinali yoti munthu n'kuinyadira poiona. Tinkakhala pansi mothithikana, buku limodzi mitu ingapo, ndipo phokoso la oitanira minibasi pasiteji linkalowera pawindo n'kumalimbana ndi masamu. Komabe chaka ndi chaka ana ankasankhidwa kupita kusekondale, anthu n'kumafunsana kuti kodi mankhwala ake ngotani. Ine ndimawadziwa, anali m'kaundula wa mayina.

Aphunzitsi athu anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, woyenda ndi ambulera ngakhale kunja kuli ngwee. Kuitana mayina m'mawa sankakuthamangira. Dzina likaitanidwa mwini wake osayankha, sankalola kuti tikuwe kuti, "Palibe!"

"Palibe ndi mchere m'ndiwo," ankatero. "Mwana wa munthu amakhala ali penapake. Ali kuti?"

Ndiye wina ankayenera kunena: ali kuchipatala, akulera mng'ono wake, wapita kukagulitsa chinangwa. Pakasowa wodziwa, woyandikana naye nyumba ankatumidwa kukaona tikaweruka. Limeneli linali lamulo la sukulu yonse, ndipo ife tinkadana nalo kwabasi. Ukangothawira kumsika, pofika madzulo amayi ako amva kale.

Meyi atakwana, bambo anawafufuta monga mwa masiku onse. Tinanyamuka Loweruka. Sindinatsanzike aphunzitsi kapena kutenga kalata yosamukira, chifukwa ndinkachita manyazi kuimanso pamaso pa anthu n'kunena kuti ndikupita. Kusukulu ya kwathu anatiuza kuti popanda kalata sangandilembe, ndidzabwere chaka chikamayamba, mu Sitandade 5 momwemo. Tili m'njira bambo anati, "Wamva wekha." Ndinalowa m'gulu la otonola chimanga pakhonde. Makope anga ndinawabisa kudenga kuti azing'ono anga asawang'ambe, ndipo ndikawayang'ana mtima unkandiwawa kwambiri.

Patatha masabata atatu, pakhomo panafika mayi wina wogulitsa nthochi pamsika wa Luchenza, atamangirira kalata pansonga ya chitenje. Anatifotokozera mmene kalatayo inatipezera. Lolemba loyamba lija dzina langa litaitanidwa, mnzanga wina, amene amayi ake ankakazinga mandasi pasiteji, anati anationa tikukwera ndi mapoto. Aphunzitsi anafunsa kuti mudzi wake uti, ndipo panalibe wodziwa. Ndiye anayamba kufunsa akabaza, akabaza n'kufunsa amayi a nthochi, mpaka anapezeka mmodzi wowadziwa bambo.

Bambo sankadziwa kuwerenga, choncho kalata yonena za ine ndinawawerengera ndine ndemwe.

"Bambo, mwana wanu ndimamuitana m'mawa uliwonse, ndipo anzake amayankha kuti ali ku Thekerani. Yankho limeneli landikwana. Mayeso ayandikira ndipo mwanayu akhoza, ndamuona ine. Za pogona musadandaule. Amayi a pasukulu pano akambirana, azikhala kwa mayi wa mandasi mpaka titatsekera. Dzina lake sindinafufute."

Bambo anaika pansi chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo.

"Tabwereza pomalizapo."

Ndinabwereza.

"Masabata atatu onsewa akungoitana munthu woti kulibe?"

"Eya, ababa."

Anapukusa mutu. Kenako anati, "Ine zaka zonsezi ndathyola tiyi, dzina langa silinauonepo mwezi wa Juni m'buku la munthu." Anadzuka, natenga chikwanje, n'kukadula mkoko wa nthochi umene amayi ankausungira msika, kuti tipezerepo ndalama ya ulendo. Amayi anangolowa m'nyumba kukatsitsa makope aja.

Tinayenda Lamlungu n'kukagona kwa mayi wa mandasi. Lolemba m'mawa bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kundiperekeza. Tinapeza mayina ayamba kale. Ndinalowa mozemba n'kudzipanikiza kumbuyo, pamalo panga. Bambo anakana kulowa. Anaima panja pafupi ndi windo, chipewa m'manja, mmene ankaimira pamaso pa kapitawo.

Aphunzitsi anafika pa dzina langa, n'kulitchula lonse monga ankachitira, langa ndi la bambo. Ana akutsogolo, amene sanandione ndikulowa, anayamba nyimbo yawo ya tsiku ndi tsiku: "Ali ku Thekerani, madamu!"

"Ndilipo, madamu," ndinatero.

Ndiye pawindo panamveka mawu ena, otsika, a munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa mu Juni: "Tilipo."

Kalasi yonse inatembenuka n'kufa nacho chiseko. Bambo anachita manyazi, naweramitsa mutu. Aphunzitsi sanaseke. Anachonga m'kaundula, nayang'ana kuwindo n'kunena kuti, "Zikomo bambo, takumvani." Kenako anandiloza ndi ambulera. "Iwe, wachedwa masabata atatu. Tulutsa kope."

Mayeso ndinakhoza. Sindinali woyamba, ngakhale kuyandikirako, koma ndinalowa Sitandade 6, ndipo khasu lija linandidikira mpaka kutopa. Kuyambira chaka chimenecho, Meyi akafika banja lathu linkakwera ndi mapoto ine n'kutsala kwa mayi wa mandasi, amene ankandikalipira ndi kundisamala ngati wobala yekha.

Bambo anatisiya ndili kusekondale. Chaka chatha, pofunira mwana wanga malo, anzanga anandilozera sukulu za mpanda wautali ndi penti yowala. Ine ndinalawira kusukulu ya boma ya m'dera lathu, n'kukaima panja pafupi ndi windo ngati bambo tsiku lija. Ndinkafuna kumva chinthu chimodzi chokha: zimene aphunzitsi amachita dzina likaitanidwa, mwini wake osayankha.