Phazi Lamanzere pa Lachinayi Loyera

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale anzanga a mu mphakati wathu kuno ku Smethwick. Kulemba kwandipepukirako. Zilembo ndinaziphunzira ndili kale ndi ndevu, ku sukulu ya kwacha, ndipo sizimuyang'ana munthu m'maso.

M'tchalitchi mwathu muli mitundu yonse, ndipo Pasaka ikayandikira aliyense amatulutsa zakwawo. A ku Poland amabwera Loweruka ndi timadengu ta mazira ndi buledi kuti ansembe adalitse. Amwenye ena amaphika mkate wopanda yisiti Lachinayi, bambo wa pakhomo n'kunyemera ana. Ife timangodandaula kuti kanjedza wa kuno ndi kamtanda kouma kokwana m'thumba la malaya. Chaka chimenecho ansembe anati anthu khumi ndi awiri osambitsidwa mapazi achokere m'maiko osiyanasiyana. Pa Amalawi anasankha ine, poti ndine wa imvi.

Koma phazi langa lamanja linali ndi chilonda kunsi kwa chala chachikulu. Ndili ndi shuga. Chinayamba ngati thuza la nsapato, kenako chikutuluka madzi, kenako kafungo. Ndinkachimanga ndi kansalu n'kuvala masokosi awiri. Ndinkadziwa kuti akachiona, ulendo ndi wa kuchipatala ku Bordesley Green, ndipo ndinamvapo za anthu a shuga odulidwa chala, ena mwendo. Chipatala ndimachiopanso pa zanga. Malemu mayi a ana anga ndinawafikitsa kuchipatala mochedwa kwathu kuja, nditawauza kuti tidikire fodya agulidwe kaye.

M'nyumba ya mwana wanga, wodziwa zilonda ndi mkazi wake, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Koma amenewo ndi apongozi anga. Kwathu sitikhala mpando umodzi, sitilankhulana maso ndi maso, nanji kuwaonetsa phazi.

Madzulo a Lachinayi Loyera anatikhazika pamipando kutsogolo. Onse anavula nsapato yakumanja. Ine ndinavula yakumanzere. Ansembe ankabwera chokwawa ndi maondo, beseni likuyandikira, ndipo amene ananyamula matawulo kumbuyo kwawo anali apongozi anga. Bambo wa ku Nigeria amene ndinayandikana naye anandigunda ndi chigongono, n'kuloza nsapato yanga yakumanja. Ndinatseka maso ngati ndikupemphera.

Ansembe atafika anazengereza pang'ono, kenako anathira madzi, anapukuta, n'kupitirira. Nditatsegula maso, apongozi sankayang'ana phazi lonyowalo. Ankayang'ana nsapato imene sindinavule.

Pobwerera m'galimoto mwana wanga anayamba kundiseka.

"Bambo, dziko lonse lapansi lavula kumanja. Malawi yekha kumanzere. Mwatiyalutsa."

"Phazi ndi phazi," ndinatero.

Apongozi anali kumpando wakumbuyo. Analankhula ndi mwamuna wawo ngati ine mulibe.

"Inu, tawafunsani bambo chifukwa chake masiku ano masokosi akumachapa okha."

"Uwauze kuti manja ndili nawo," ndinauza mwana wanga.

"Auzeni kuti kuntchito kunali agogo ena amene anabisa. Pomwe timadzaona, chala chinali chitada. Auzeninso kuti chikakhala chisanade, chimapola."

Mwana wanga anasiya kuseka.

"Bambo, muli chiyani m'nsapatomo?"

Ndinayang'ana pawindo. Chala chinkagunda ngati muli kamtima kake. Kunsi kwa phazi langa ndinali ndisanaoneko bwino, chifukwa msana sundilolanso kuwerama kufika kumeneko, ndiye ngati chinali chitada kapena ayi sindinkadziwa.

M'mawa mwake, Lachisanu Loyera, ndinakhala pampando wa kukhitchini. Ndinavula sokosi yoyamba, yachiwiri, ndinamasula kansalu kamene kanali katamatirira, n'kusanjika phazi pa ndowa yovundikira. Mwana wanga anali akugonabe. Apongozi ndinawamva akusita yunifolomu yawo m'chipinda chochezera. Sindinatume munthu. Ndinawaitana ndekha.

"Apongozi, pepani. Tabwerani mudzaone."