Mphini za pa Pepala

Anthu amandifunsa za mphini zili patsaya langali. Ena amati ndinkadwala mutu, ena amati ndinakhwima. Bodza lonselo! Umenewu ndi mthunzi, ndipo unayambira pathabwa.

Nkhondo yachiwiri isanayambe ndinkagwira ntchito ku Balaka kwa Mjeremani wina wogula thonje. Thonje likatha, mzunguyo ankakhala pakhonde, kalilole patsogolo, n'kumasema nkhope yake pathabwa ndi kampeni. Akatha ankapaka inki, kukanikizapo pepala, basi nkhope yatuluka. Nkhope yomweyomweyo chaka ndi chaka, ngati imamuthawa. Mbali yosawala dzuwa ankatemapo timizere tothinana. Ankati umenewo ndiye mthunzi, popanda umenewo munthu amaoneka ngati mbale.

Ine ndinali nditaona mtsikana ku Nsanama, ndipo ndinafuna akwawo adziwe kuti kukubwera mkamwini, osati mkamwini wamba. Ndinatenga kathabwa, ndinadziyang'ana m'ndowa ya madzi, ndinasema. Mthunzi sindinaumire ayi, tsaya lonse mizere mpaka kukhutu. Inki yanga inali mwaye ndi mafuta a nsatsi. Mjeremani ataona chithunzicho anapukusa mutu n'kuchokapo. Nsanje imeneyo.

Amalume anatenga chithunzicho kukafunsira mbeta, ndipo anabwerako akuvina.

"Mphwanga, alola! Kumeneko ana akhala akudwaladwala. Akuti mwamuna wa mphini zotere, mfiti singayandikire pakhomo pake."

Tsiku lokaonekera ndinavala jekete. Amalume a mtsikanayo anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ananso pepala.

"Nanga mwini wakeyu ali kuti?"

"Ndine ndemwe, bambo!"

"Iyayi. Inu tsaya lanu ndi losalala ngati la khanda. Kapena ndinu mng'ono wake?"

"Umenewo ndi mthunzi! Wachijeremani!"

Anandiimika padzuwa, kunditembenuza uku ndi uku, mudzi wonse ukufunafuna mthunziwo patsaya. Mayi wina anati mthunzi wanga uli pansi ngati wa aliyense.

"Ife tinalola uyu," anatero amalumewo akugogoda pepala. "Abwere yekha."

Mtsikanayo anali akusuzumira kuseri kwa nkhokwe, atakongola kuposa mmene ndinamusiyira. Ndinapempha pepala langa, ulendo wa kwa sing'anga ku Ngokwe. Ndinamuuza kuti akopere patsaya langa mzere ndi mzere, asawonjezere zake, wojambula ndine. Mkuluyo ananola lumo akudandaula kuti mankhwala ake sakwanira tsaya lonse. Ndinati angopakamo makala. Ndinalira? Ine? Amene ankalira ndi munthu wina kuseri kwa nyumba.

Zilonda zitapola ndinabwerera ku Nsanama. Amalume a mtsikana aja anandilandira ndi manja awiri, nandinong'oneza kuti mng'ono wanga uja ndi wamwano, asadzapondenso pamudzipo. Ndinawalonjeza kuti ndikamulanga ndekha. Mkaziyo ndinamukwatira mvula isanagwe.