Khoma Lomwa Madzi

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Finyani. Dzinali linabwera chifukwa sangadutse mulu wa mchenga osawerama, kutapa, n'kufinya m'manja. Mchengawo ukasiya dothi m'chikhato amapukusa mutu ngati amva uthenga wa maliro. Ati mchenga wadothi ndi wachinyengo, pomanga umaterera bwino pa mpeni womangira, koma ukauma umangoyoyoka. Pa tsiku la ukwati wathu lomwe anafinya mchenga wa eni panjira, atavala suti yobwereka, ine nditaima ndi maluwa.

Anayamba kumanga ali mnyamata. Nyumba tikukhalayi anamanga okha tisanakwatirane, mothamanga, ndi njerwa zosapsa bwino koma simenti yankhaninkhani, kufuna kundigometsa. Ndinagomadi. Chaka chisanathe khoma la kuchipinda kwathu linang'aluka kuyambira pawindo mpaka pansi. Ana onse ndalera mng'aluwo ulipo, nyengo yozizira ndimatsekamo nsanza. Ndikawakumbutsa amangoti mawa, maso ali kwina.

Kenako kunabwera ntchito ya mayi a pakona. Ndi mayi wamasiye, wa mano oyera mbuu, wonunkhira sopo wodula ngakhale masana thukuta lili pa aliyense. Nyumba yawo ndi yakalekale, ya njerwa zofewa, ndipo khoma la kukhonde linali litayamba kugumuka. A Finyani anakaligwetsa n'kulimanganso ndi njerwa zomwezo. Ntchito inatha, zida zinabwerera kunyumba, koma bambo aja sanasiye kupitako. M'mawa uliwonse ankanyamula ndowa ndi masaka, ati akukathirira khoma.

Ine ndine mkazi wa mmisiri, musandiyese mbuli. Ndimadziwa kuti matope a simenti akauma msanga salimba, amafuna madzi. Koma makoma onse amene bambo awa amanga m'moyo mwawo, kuthirira ankasiyira eni nyumba. Ili lokha linali ndi chiyani? Nditafunsa anandiyankha zambirimbiri: kuti m'matopemo anathiramo laimu kuti akhale ofewa ngati njerwazo, kuti matope alaimu amagwira pang'onopang'ono, kuti mayi aja amathira ndi payipi mwamphamvu mpaka kukokolola m'mipata. Pamene ankafotokoza nkhope yawo inkawala, ndipo kuwalako ndi kumene kunandibaya.

Mlamu wanga, mlongo wawo wa a Finyani, ndiye anasonkhezera moto. Anabwera kudzabwereka sefa, n'kufunsa akuseka ngati khoma la pakona lasanduka dimba. Ndinaseka nawo. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndinayamba kununkhiza malaya awo pochapa, ndipo ndinkangomva fungo la laimu. Fungo lomwelo linkandipsetsa mtima, ndinkati ndi lobisira lina.

M'mawa wina ndinawatsatira chapatali, nditamanga nsalu yanga zolimba m'chiuno, mawu onse oti ndikamuuze mayi uja nditawakonza kale. Geti linali losakhoma. Nyumba inali zii, mawindo otseka, makatani otsitsa, pakhomo pali loko. Mwini wake kunalibe, ndinamva pambuyo pake kuti anali atapita kwa ana ake kalekale.

Bambo aja anali okha, atagwada kukhonde. Anachotsa masaka adzulo mmodzimmodzi, osakoka. Anaviika dzanja m'ndowa n'kumawaza madzi ndi zala, mzere ndi mzere, kudikira kuti khoma limwe asanawazenso. Kenako anadina chala chachikulu pakati pa njerwa, anayang'ana chalacho, n'kumwetulira. Anasisita khomalo ndi kuseri kwa dzanja, akung'ung'udza kanyimbo. Munthu ameneyu kunyumba sayimba.

Abale inu, ndikanawapeza ndi mayi uja ndikanadziwa pogwira, tsitsi analinalo. Nanga khoma ungalikoke chiyani? Ndinaima pamenepo ndi ukali wanga wonse wopanda poutula, nsanje osachepa ayi, inangokula.

"Bambo," ndinatero, "khoma la eni mukulisisita chonchi, lathu lija linakulakwirani chiyani?"

Anadzidzimuka mpaka ndowa inatsala pang'ono kutayika. Anapukuta manja pa thalauza, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Lathu lija ndinalilimbitsa mopitirira, mayi. Simenti inachuluka, matope anauma gwa kuposa njerwa. Nyumba itakhazikika panalibe chogonjera chinzake, ndiye linang'aluka. Limandichititsa manyazi. Ndikaliona ndimatembenukira kwina."

Apo m'pamene misozi inabwera, ine wosalira wamba. Bedi lathu linagunda khoma lomwelo, ndipo mbali ya kukhoma ndimagona ndine.

"Ndiye zaka zonsezi," ndinawafunsa, "mwakhala mukufulatira khoma, kapena ine?"

Anaphimba khoma la eni ndi masaka onyowa, pakuti a Finyani sasiya ntchito pakati ngakhale banja likugwa, ndipo tinabwerera kunyumba motsogozana.

Tsiku lomwelo anatulutsa bedi pabalaza. Anazula nsanza zanga mu mng'alu muja, natenga tchizulo n'kuyamba kugoba matope akale. Analidi olimba, ankathetheka moto, pomwe njerwa zake zinkangofumbutuka. Anasefa mchenga, anaufinya, anautaya, anakatenga wina. Anasakaniza ndi laimu ndi simenti pang'ono, madzi akuthira ngati mankhwala a mwana, ati akachuluka matope amafooka. Ine ndinakhala pampando n'kumaonerera mmene ankalowetsera matopewo mofatsa, ndipo ndinachitanso nsanje, ndi khoma langa lomwe.

Pano mng'alu kulibe, mphepo siilowanso. Bedi linabwerera pamalo pake. Ndikadzuka m'mawa ndimapeza bambo aja atagona chotembenukira kuno, maso ali otsegula, nkhope ikuwala ngati tsiku lija kukhonde kwa eni. Mlamu akuti ndiwafunse. Ine sindinafunse kuti akuyang'ana ndani, ndipo sindidzafunsa.